Roketi yapita, yabwerera, yatera chilili

aPhiri A25: Anthuni, alipo amene anaonera usiku wa Lachinayi lija, pa 13 Novembala 2025? Roketi ya New Glenn ya Blue Origin, kampani ya Jeff Bezos ija, inanyamuka ku Cape Canaveral itasenza zombo ziwiri za NASA zopita ku Mars, ndipo patangotha mphindi ngati 9 booster yake, chigawo chapansi cha roketiyo, inatera chilili pa chombo pakati pa nyanja ya Atlantic. Ulendo wachiwiri wokha umenewu! Woyamba uja mu Januwale booster inatayika. Chiroketi chake ndi mamita 98 kutalika. Ine ndinakuwa mpaka mayi akunyumba anadzuka poyesa kuti kwalowa akuba.

Madala aMwale: Vidiyoyo ndaiona. Ana inu mumatengeka msanga. Ajambula chinthucho chikunyamuka, kenaka akuitembenuza vidiyo kuti iziyenda chobwerera m'mbuyo. Mdzukulu wanga amachita zomwezo pa foni.

Nachisale: Madala, ndi ulemu wonse, taonaninso bwinobwino. Ikanakhala yotembenuza, utsi ukanamalowa m'injini osati kutuluka. Komanso ponyamuka ili pamtunda, yaitali, miyendo yake yobisika. Potera ili panyanja, yafupika chifukwa chapamwamba chija chapitirira, miyendo yatambasuka. Muitembenuza bwanji vidiyo kuti mtunda usanduke nyanja?

Madala aMwale: Hmm. Ndiye mundiuze, chimabwerera kudzatani? Ndani ali mkatimo akuchiyendetsa?

Aphunzitsi a ku Dedza: Mulibe munthu, bambo, ndi kompyuta. Ndiloleni ndiyambire patali pang'ono, chifukwa ambiri timaganiza kuti ntchito ya roketi ndi kukwera m'mwamba basi. Kukwerako n'kochepa. Mlengalenga mumayambira pa makilomita 100, ndiye kuti kuchokera ku Lilongwe kufika ku Salima ukanakhala msewu woimirira mukanakhala mwatsala pang'ono kufikamo. Chovuta ndi liwiro. Kuti setilaiti isagwe, iyenera kuthamanga cham'mbali makilomita pafupifupi 28,000 pa ola, kuti pamene ikugwa dziko lizikhota pansi pake, iyo n'kumangozungulira.

Liwiro limenelo limadya mafuta oopsa. Falcon 9 ya SpaceX, kampani ya Elon Musk, ikamanyamuka imalemera matani pafupifupi 550, ndipo pafupifupi zonsezo ndi mafuta ndi okosijeni. Ndiye roketi amaipanga ya zigawo ziwiri. Chapansi, chomwe tikuchitcha booster, chili ndi mainjini 9. Chimayaka mphindi ziwiri ndi theka, chimafikitsa chinzake pa makilomita 65 kapena 70 m'mwamba, mafuta ake n'kutsala pang'ono, n'kudzichotsa. Chapamwamba, cha injini imodzi, ndicho chimamaliza ulendo. Kuyambira m'ma 1950 booster imeneyi inkangogwera m'nyanja kapena m'chipululu, mainjini ake odulawo n'kuthera pomwepo.

Makaniko wa ku Ndirande: Aphunzitsi, funso la ife a sipanala. Chimamwa chiyani chimenechi, petulo kapena dizilo?

Nachisale: Palafini, achimwene. Woyengedwa kwambiri, amamutcha RP-1, koma ndi palafini ndithu. Amamusakaniza ndi okosijeni woziziritsidwa mpaka kusanduka wamadzimadzi. Utsi woyera umene mumauona ukutuluka m'mbali roketi isananyamuke si moto ayi, ndi kuzizira kwa okosijeniyo.

Makaniko wa ku Ndirande: Palafini wa koloboyi yemweyu? Kkkkk basi ndasiya kulemekeza dizilo.

Nachisale: N'chifukwa chake booster ya Falcon ikabwerera imakhala yakuda bii ndi mwaye kumunsiku, chifukwa potsika imadutsa m'malawi ake omwe. New Glenn ndi Starship, roketi yaikulu ya SpaceX, zimagwiritsa ntchito methane, amene sasiya mwaye wambiri m'mainjini. Kwa munthu amene akufuna kugwiritsanso ntchito injini yomweyo, imeneyo si nkhani yaing'ono.

aPhiri A25: Ine pomwe pamandimaliza ndi potembenuka paja. Kamera ili pa booster ya Falcon, mukuona dziko pansi, kenaka tiutsi toyera tikuti phwii phwii m'mbali, chinthucho n'kuzungulira pang'onopang'ono mpaka mainjini ayang'ana komwe chikupita. Kenaka timapiko tinayi tokhala ngati sefa tija n'kutambasuka. Polowanso mumpweya mainjini atatu amayaka, kamera yonse n'kudzaza moto, kenaka zii. Mitambo. Nyanja. Kadontho kakang'ono pamadzi kamene kakukula, kakukula, n'kuzindikira kuti ndi chombo. Apa mtima umakhala uli m'mwamba, chifukwa chimaoneka kuti chikubwera mothamanga kwambiri, sichiima ichi.

Makaniko wa ku Ndirande: Ndi zimene ndimadabwa nanenso. Bwanji osayamba kuchepetsa liwiro patali, n'kumatsika mwaulemu? Chimadikirira chiyani mpaka pomaliza?

Aphunzitsi a ku Dedza: Apa ndiye pali fupa la nkhani. Zifukwa ndi ziwiri. Choyamba, kutsika mwaulemu kumadya mafuta, ndipo mafuta alionse osungira kubwerera ndi katundu amene wasiyidwa pansi. Chachiwiri ndi chimene ambiri sadziwa: booster ya Falcon 9 singathe kuima mumlengalenga. Pamene ikubwerera matanki ali pafupifupi opanda kanthu, yapepuka kwambiri. Injini imodzi yokha, ngakhale muichepetse moto mpaka pomaliza, imakankhabe mwamphamvu kuposa kulemera kwa booster yonse. Ndiye mukaiyatsa msanga, liwiro limathera m'malere, chinthucho n'kuyambanso kukwera. Mukachedwa ndi kamphindi, chamenya chombo. Kompyuta iyenera kuwerengera kuti liwiro lifike pa zilo nthawi yeniyeni imene miyendo ikugunda pansi, n'kuzimitsa injini pompo.

Inu a Makaniko, ganizirani minibasi yotsika Zalewa ilibe buleki yopondaponda, ili ndi yogwira kamodzi kokha, ndipo muyenera kuima tayala lili pa mzere weniweni wa pa siteji. Kuonjezera apo sitejiyo ikuyendayenda ndi mafunde.

Makaniko wa ku Ndirande: Ameneyo dalaivala wake ndingamupatse mwana wanga wamkazi kkkk.

Madala aMwale: Ndiye mukufuna kundiuza kuti sizinaphonyepo?

aPhiri A25: Zinaphonya zambirimbiri madala, ndipo mavidiyo ake ndi amene amasangalatsa. Mu Januwale 2015 booster ya Falcon 9 inafika pa chombo koma mafuta oyendetsera timapiko tija anatha isanatere, inabwera chopendekeka n'kuphulika. Mu Epulo chaka chomwecho inatera ndithu, koma ikugwedezeka, inaima kamphindi kenaka n'kugwa ngati ikuganiza kaye, phuu. Mu Januwale 2016 inatera bwinobwino pakati penipeni, koma mwendo umodzi sunakhome, unangopinda, chonsecho n'kugona pansi n'kuyaka. Imeneyo ndi imene imandipweteka ndikamaionera, chifukwa zovuta zonse inali itadutsa.

Yoyamba kutheka inali pa 21 Disembala 2015, pamtunda ku Cape Canaveral, usiku. Ya panyanja inatheka pa 8 Epulo 2016.

aJere Mzuzu: Musaiwale kuti Bezos anatsogola. New Shepard, roketi yake yaing'ono, inatera mu Novembala 2015, mwezi wathunthu Falcon isanatere. Anthu a Musk mumakonda kulumpha pamenepa.

Nachisale: Zoona inatsogola, achimwene, koma New Shepard imangokwera molunjika kufika pa makilomita 100 n'kutsika pomwepo. Sitenga kanthu kukazungulira dziko. Falcon inali itanyamula masetilaiti 11 tsiku limenelo. N'chifukwa chake ya Lachinayi ija ndi yaikulu kwa Blue Origin: tsopano ndi kampani yachiwiri kubweza booster ya roketi yopita kokazungulira dziko. Patenga zaka pafupifupi 10 kuti wachiwiriyo apezeke.

aJere Mzuzu: Koma wafika pa ulendo wachiwiri, pamene anzake anaphulitsa zingapo.

aPhiri A25: Wobwera pambuyo amapeza njira yolambula kale, aJere.

aNabanda Limbe: Ine ndakhala chete ndikuwerenga. Zonsezi n'zokoma, koma ine ndi wa bizinesi, ndimafunsa chimodzi: ndalama. Mwati kusunga mafuta obwerera kumachepetsa katundu. Kenaka mulipire chombo, anthu okachitenga, okonza. Zikutsala zingati? Mwina kupanga chatsopano n'kotchipa, zinazi n'zongofuna kutchuka.

Aphunzitsi a ku Dedza: Funso labwino kuposa onse, mayi, ndipo akatswiri a ku Ulaya ndi ku Russia ankafunsa lomwelo zaka zija. Anali ndi chifukwa. America inayesapo kale ndi Space Shuttle, kuyambira 1981 mpaka 2011, maulendo 135. Chombocho chinkabwerera n'kutera ngati ndege, mabooster ake awiri ankagwera m'nyanja ndi maparachuti n'kukawakoka. Koma ulendo uliwonse ukatha ankachotsa mainjini kukawaunika, kuyang'ana matailosi zikwizikwi oteteza kutentha, mabooster odzaza madzi amchere aja kuwaphwasula n'kuwamanganso. Mukawerengera zonse, ulendo umodzi unkapitirira madola 1 biliyoni. Ndipo anthu 14 anafera m'ngozi ziwiri, Challenger mu 1986 ndi Columbia mu 2003. Choncho anthu anaphunzira kuti kubweza chinthu sikutanthauza kuti wapulumutsa ndalama.

Kwa Falcon 9 masamu ake ali chonchi. Ikatayidwa imanyamula matani pafupifupi 22, ikabwezedwa pa chombo imanyamula pafupifupi 17. Ndiye inde, katundu amachepa. Koma mafuta onse a ulendo sakwana ngakhale gawo limodzi mwa magawo 100 a mtengo wake. Chodula ndi chitsulocho, makamaka mainjini, ndipo 9 mwa mainjini 10 a roketiyo ali pa booster.

aNabanda Limbe: Chabwino. Nanga mtengo kwa kasitomala unatsika?

Nachisale: Apa ndiye asisi mwawagwira. Mtengo wolengezedwa unali madola 62 miliyoni kwa zaka zingapo, mu 2022 unakwera kufika 67 miliyoni. Sunatsike.

aNabanda Limbe: Eyaa! Ndinadziwa. Wapeza popikulira potchipa koma pa benchi mtengo ndi womwewo. Ameneyo ndi mnzathu wa mu Limbe ndithu kkkk.

Nachisale: Atsitsiranji pamene palibe wopikisana naye? Phindu lija analiika pa katundu wake yemwe. Maulendo ambiri a Falcon masiku ano amanyamula masetilaiti a Starlink, omwe ndi a SpaceX yomweyo. Mu 2023 maroketi a Falcon anauluka ka 96, mu 2024 ka 134. Palibe fakitale imene ikanapanga mabooster atsopano ochuluka chotero. N'chifukwa chake ine New Glenn ndikuikondwerera, osati chifukwa ndimamukonda Bezos, koma kuti pamsika pakhale mabenchi awiri.

Achimwene a ku Joni: Nkhani ya Starlink imandiseketsa. Musk anabadwira konkuno ku Pretoria, koma kuno Starlink sinaloledwe. Inu kumudzi muli nayo kuyambira 2023. Mlamu wanga ku Mangochi amandiimbira vidiyo yooneka bwino kuposa yanga ya mu Hillbrow.

aNabanda Limbe: Ili ndi amene ali nazo, achimwene. Kambale kajako si ka aliyense.

aPhiri A25: Tibwerere ku maroketi anthuni, za mabandulo tili ndi gulu lina. Ine ndikufuna tivote: kutera kokongola koposa m'mbiri yonse ndi kuti? Ine ndi Falcon Heavy, roketi ya mabooster atatu, pa 6 Febuluwale 2018. Kuno inali itatsala pang'ono kukwana 11 koloko usiku. Mabooster awiri akutsika limodzi, mbali ndi mbali, miyendo kutambasuka nthawi imodzi, kutera pafupifupi nthawi imodzi. Anthu amakumbukira galimoto yofiira ya Tesla imene inatumizidwa m'mlengalenga tsiku lija, ine galimotoyo sindinaisamale n'komwe.

aJere Mzuzu: Ndipo yapakati inaphonya chombo n'kumenya madzi. Nenani zonse.

Nachisale: Inaphonya, mankhwala oyatsira mainjini anaperewera, mwa mainjini atatu inayaka imodzi. Mukamaonera, kang'anima kobiriwira kamene kamaoneka injini ikamayaka ndi mankhwala amenewo.

Koma voti yanga ndi 13 Okutobala 2024. Linali Lamlungu, kuno cha m'ma 2 koloko masana, anthu atangoweruka ku tchalitchi. Super Heavy, booster ya Starship: mamita 71, mainjini 33, thupi la chitsulo chosachita dzimbiri, miyendo ilibe. Inanyamuka ku Boca Chica ku Texas, patatha mphindi ngati 7 inabwerera pa nsanja yomweyo, ikutsika chopendekeka, moto ukutuluka m'mbali, n'kudzilowetsa pakati pa mikono iwiri yachitsulo. Mikonoyo inatseka, mainjini anazima, chinthucho n'kungolendewera m'malere chikufuka utsi. Chimene chimakhala pa mikonoyo ndi tizitsulo tiwiri tating'ono totulukira m'mbali kumtunda kwake. Ndipo kanali koyamba kuyesa.

Makaniko wa ku Ndirande: Imeneyo ine ndinaionera pa galaja ndi anyamata. Wina anagwetsa bokosi la masipanala. Koma bwanji osangoika miyendo ngati inayo?

Nachisale: Miyendo yonyamula chinthu chachikulu chotero ingalemere matani ambiri, ndipo ungamaikweze m'mwamba n'kuitsitsa ulendo uliwonse pachabe. Ndiye anaganiza zoti miyendoyo itsale pansi, ikhale pa nsanja. Komanso ikatera pa nsanja ili kale pamalo onyamukira, palibe zokaikoka panyanja masiku angapo.

Aphunzitsi a ku Dedza: Ine pa Starship ndimasamala nako kuombera m'manja. Booster aigwira, inde, ndipo mu Meyi 2025 anaulutsanso imene inagwidwapo kale. Koma chigawo chapamwamba chavuta. Mu Januwale 2025 chinasweka, zidutswa zake zikuyaka pamwamba pa zilumba za Turks and Caicos, ndege zina mpaka kupatutsidwa. Mu Malichi zinachitikanso. Ulendo woyamba wa mu Epulo 2023 unakumba dzenje pansi pa nsanja, zidutswa za konkire kuuluka mpaka kunyanja. Falcon 9 ndi galimoto imene ikugwira ntchito tsiku ndi tsiku, yanyamula anthu kupita ku International Space Station kuyambira Meyi 2020. Starship ikadali pa mayeso.

aPhiri A25: Aphunzitsi mumakonda kuthira madzi pa moto wa anzanu.

Aphunzitsi a ku Dedza: Ndi ntchito yanga, ndimachonga ndi cholembera chofiira.

Wa ku Chipata: Abale anga a ku Malawi, mukukamba za Musk na Bezos koma mwaiwala kuti ife ku Zambia tinayamba kale. Mu 1964, chaka cha ufulu, aphunzitsi ena a Edward Mukuka Nkoloso analengeza kuti Zambia izafika ku mwezi America na Russia asanafike. Anali kuphunzitsa anyamata ake powalowetsa mu mgolo wa mafuta n'kuwagubuduza pa chitunda kuti azolowere. Anapempha ndalama ku UNESCO koma sizinabwere.

aJere Mzuzu: Ndipo mgolowo unali wogwiritsanso ntchito! Mumangoukweza pa chitunda n'kulowetsamo wina. Zambia inatsogola zoona kkkkk.

Wa ku Chipata: Sekani, koma madala aja anamenyera nawo ufulu wa dziko, sanali munthu wamba.

Madala aMwale: Ine nkhawa yanga ndi iyi. Zonse mukuponya m'mwambazi, tsiku lina sizidzatigwera pa denga?

Nachisale: Zimagwa ndithu, madala. Kumapeto kwa Disembala 2024 chitsulo chozungulira cholemera makilogalamu pafupifupi 500 chinagwera m'mudzi wa Mukuku ku Makueni, ku Kenya. Mwamwayi sichinaphe munthu. Koma onani, zogwa mwa mtundu umenewu si mabooster obwerera aja. Iwo amadziwa kopita. Zovuta ndi zigawo zapamwamba ndi zidutswa zimene zimasiyidwa zikuzungulira mpaka zitagwa zokha. Ngakhale Falcon 9 chigawo chake chachiwiri sichibwezedwa, ulendo uliwonse chimakhala chatsopano. Zimene amatola ndi booster ndi zivindikiro ziwiri za kumutu, zomwe zimatsika ndi maparachuti n'kuzivuula m'nyanja.

Achimwene a ku Joni: Nanga ife sitingaulutsire pa Nyanja ya Malawi? Chombo choterapo tingabwereke Ilala.

Aphunzitsi a ku Dedza: Kkkk Ilala isiyeni ipume. Roketi zambiri zimaulukira chakum'mawa kuti zipezerepo mwayi pa kuzungulira kwa dziko, komwe pa equator ndi makilomita pafupifupi 1,670 pa ola, aulere. Ndiye kum'mawa kwako kumafunika nyanja yaikulu yopanda anthu. Ife kum'mawa kuli abale athu a ku Mozambique ndi Tanzania. Kenya ndiye ili pabwino: anthu a ku Italy ankaulutsira maroketi pa nsanja ya panyanja kufupi ndi Malindi kuyambira 1967 mpaka 1988. Setilaiti ya NASA yotchedwa Uhuru inanyamukira pamenepo pa 12 Disembala 1970. Kwa maiko ngati athuwa khomo lenileni ndi lina: kupanga kasetilaiti kakang'ono n'kukalipirira malo pa roketi imene yanyamula ta anthu ambiri. Botswana inachita zimenezo mu Malichi 2025, pa Falcon 9.

Makaniko wa ku Ndirande: Ine mutu wanga udakali pa mainjini. Kutera ndaona, ndagoma. Koma injini yoti yayaka moto wotere, yazima, yayakanso katatu, yamenyedwa ndi mphepo ya panyanja, mawa n'kuikhulupiriranso? Ife injini ikangowira kamodzi timatsegula hedi.

Nachisale: Achimwene mwafika pamene ine ndimati mpamene pali nkhani yeniyeni, ngakhale palibe vidiyo yokoma yake. Booster ija inatera panyanja mu Epulo 2016 ndi yomweyo imene inaulukanso koyamba, pa 30 Malichi 2017. Panadutsa pafupifupi chaka. Mu 2018 anatulutsa mtundu wokonzedwanso, Block 5, atasintha zimene zinkapsa ndi kutha msanga. Mwachitsanzo timapiko tija poyamba tinali ta aluminiyamu, tinkapsa polowanso mumpweya, tsopano ndi ta titanium, sitifuna kusinthidwa. Poyamba ankati booster imodzi iuluke ka 10. Mu 2025 imodzi, nambala yake B1067, inadutsa maulendo 30. Ina inatera n'kuulukanso pasanathe masiku 10. Ndipo saichapa n'kuipentanso, imanyamuka ndi mwaye wake womwewo. Astronaut amakwera pamwamba pa booster yakuda yoti yapitapo kale, NASA n'kuvomera.

Ndiye aJere, New Glenn yatera, tikuwayamikira. Koma ine ndidzaimirira kuomba m'manja tsiku limene booster yomweyo idzanyamukanso, ndipo ndidzawerenga kuti padutsa miyezi ingati.

aJere Mzuzu: Mwasuntha zigoli, asisi. Dzana mumati satha kutera.

Nachisale: Sindinanenepo zimenezo, fufuzani m'mwambamu. Anali aPhiri.

aPhiri A25: Ine musandilowetsemo, ine ndimasapota chilichonse chotera chilili.

aNabanda Limbe: Koma inshuwalansi yake amalipira bwanji chinthu choti chayenda maulendo 30? Ine lole yanga ikangokalamba pang'ono amandikwezera.

Makaniko wa ku Ndirande: Bweretsani lole ija Loweruka mayi, ndiione utsi wake. Ndipo aPhiri, ikakhalapo ina ya masana mutiuze msanga tilumikize foni ku TV ya pa galaja. Za 3 koloko m'bandakucha zija ayi, ife timadzukira ntchito.

Madala aMwale: Munditumizirenso ya mikono ija. Yoyamba ndinaifufuta poyesa kuti ndi zabodza za anyamata.